Nyemba Zofiira ndi Wudhu wa Yunus

Yunus anali mnyamata wa ku Nkolokosa. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuswali, kupemphera kwa Asilamu, pambali pa bambo ake ku mzikiti. Kuyamba limodzi. Kumaliza limodzi.

Mukuti n'kanthu kakang'ono? Ayi ndithu. Kwa Yunus sikanali kakang'ono.

Bambo ake anali a Abdulmalik. Yunus ankangoti ababa. Ababa ankayendetsa thiraki. Lero ali ku Beira. Mawa ali ku Lusaka. Kunyumba ankabwera mwa apo ndi apo. Akabwera sankachedwa kunyamukanso.

Mayi ake anali a Halimatu. Nawonso kunalibe. Anapita ku Mangochi kukadwazika mng'ono wawo. Pakhomo panatsala anthu awiri. Panatsala Yunus ndi achemwali ake, a Rania. A Rania anali ku sekondale.

Inali nyengo ya chiperoni. Kamvula kankangowaza. Phiri la Soche linabisala m'nkhungu. Zovala sizinkauma pachingwe. Kunja kunkazizira. M'nyumba munali zii.

Pakona pa khitchini panali thumba. Linali thumba la nyemba zofiira. Ababa ndiwo anabwera nalo.

"Ana anga asagone ndi njala," anatero ababa.

Ndiye nyemba zinadyedwa, abale inu! Lolemba nyemba. Lachiwiri nyemba. Lachitatu, mwadziwa kale.

Wophika anali a Rania. Ankaweruka kusukulu atatopa. Magetsi ankazimazima. Makala anali ochepa. Ankathira nyemba m'poto. Zikawira pang'ono ankaphula. Nyemba zinkafika m'mbale zili gwa. Yunus ankangomeza. Sankadandaula.

Lachisanu lina ababa anabwera. Yunus analumpha ndi chimwemwe. Anavala mkanjo wake woyera. Anavala kofia kumutu. Anagwira dzanja la ababa. Ulendo wa ku mzikiti.

Munthu asanaswali amachita wudhu. Wudhu ndi kusamba kwa pa swala. Umasamba m'manja. Umachukucha m'kamwa. Umasamba kumaso ndi mikono. Umapaka madzi kumutu. Umatsuka mapazi. Ukatero wayera. Koma ukaphwisa, wudhu watha. Uyenera kukayambanso.

Yunus anachita wudhu pa mpopi. Anachita bwinobwino. Analowa mu mzikiti. Anthu anaima m'mizere. Yunus anaima pambali pa ababa. Mutu wake unkangofika pa chigongono chawo. Mtima wake unali mbee!

"Allahu Akbar," anatero a shehe.

Swala inayamba.

Gudu-gudu-gudu!

Iii, kodi n'chiyani? M'mimba mwa Yunus.

Gudu-gudu-gudu!

Yunus anamanga mimba. Anapana miyendo. "Chonde, mimba, tadikira," anatero chamumtima. Koma mimba ilibe makutu.

Anthu anawerama. Yunus naye anawerama.

Pwii!

Kanali kaphokoso kakang'ono. Mwina palibe anamva. Yunus akanatha kungoima. Ndani akanadziwa? Koma mwini wake ankadziwa. Wudhu unali utatha.

Anachoka pamzere. Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu. Anathamangira ku mpopi. Madzi anali ozizira ngati a mu filiji. Manja. Kamwa. Nkhope. Mikono. Mutu. Mapazi. Anathamangiranso m'kati.

Mayo ine! Swala ya Lachisanu sichedwa kutha. Anthu anali akupatsana moni. Ena anali akuvala nsapato.

Ababa anamupeza pakhomo. Anamusisita kumutu.

"Zimachitika, mwana wanga," anatero.

Foni yawo inalira. Katundu anali akuwadikira ku Limbe. Ananyamuka masana omwewo. Yunus anabwerera yekha kunyumba. Analira njira yonse.

Masana aliwonse Yunus ankapita ku madrasa. Ndiko ana amaphunzira za chipembedzo. Akamaliza kuphunzira amaswali limodzi. Nakonso mimba sinamusiye.

Gudu-gudu-gudu! Pwii! Yunus uyo ku mpopi.

Mawa lake chimodzimodzi. Gudu-gudu-gudu! Pwii! Yunus uyo ku mpopi.

Kunali mnyamata wina dzina lake Kalimu. Kalimu anali ndi pakamwa.

"Taonani Kampopi!" anatero. "Kampopi, madzi a m'Blantyre yense utithera!"

Ana onse anaseka. Dzina linagwira. Pamsewu, Kampopi. Pa golosale, Kampopi. Yunus ankangoyang'ana pansi. Zinkamuwawa kwambiri.

Anayamba kuganiza. Bwanji anzanga wudhu wawo umakhala? Bwanji wanga sugwira? Mwina sindisamba bwino.

Ndiye anayamba kusamba kwambiri. Anakhula manja. Anakhula mapazi. Anatenga ndi sopo yemwe. Manja anatuwa ndi kuzizira. Zala zinang'ambika. Koma mimba inali yomwe ija.

Anaganizanso. Mwina ndine mwana woipa. Mwina Allah safuna swala yanga.

Ganizo limeneli linali lolemera. Sanauze munthu. Ankangoyenda nalo.

Madzulo ena ababa anaimba foni.

"Yunus, ndibwera Lachisanu la sabata ya mawa," anatero. "Tikaswali limodzi. Kenako ndipita kutali, ku Tanzania. Kumeneko ndikakhalitsa."

"Chabwino, ababa," anatero Yunus.

"Bwanji mawu ako ali ozizira? Sukukondwa?"

"Ndikukondwa, ababa."

Koma sanali kukondwa. Anali ndi mantha. Lachisanu linali limodzi lokha. Nanga mimba ikalira?

Mawa lake ataweruka anakhala pakhonde. A Rania anali asanabwere. Kamvula kankawaza. Yunus anakumbatira mawondo. Misozi inali mbwee.

Kunyumba yoyandikana nawo kunali mtsikana. Dzina lake anali Angel. Ankaphunzira kalasi imodzi ndi Yunus. Kwawo kunali ku Nsanje. Lamlungu ankapita ku tchalitchi. Mayi ake, a Idah, ankagulitsa nyemba mumsika wa Limbe.

Angel anasuzumira pa mpanda.

"Yunus, ukulira?"

"Ayi. Ndi mvula."

"Mvula yogwa pakhonde? Bodza! Bwera kuno. Amami aphika."

Yunus anakana. Angel anabwera n'kumukoka malaya.

Tsiku limenelo amake Angel sanapite kumsika. Anamupatsa mbale. Munali mpunga. Munalinso ndiwo zachilendo. Tinali timbewu tating'onoting'ono, tobiriwira. Tinali tofewa kwambiri.

"Izi n'chiyani, anti?" anafunsa Yunus.

"Ndi mphodza, mwanawe. Kwathu timalima zambiri. Idya."

Yunus anadya. Anamaliza mbale yonse.

"Ndakhuta," anatero.

Amake Angel anaseka. "Kwathu ku Nsanje tikati takhuta, ndiye kuti zikomo. Ndiye iwe wakhuta kapena wathokoza?"

"Zonse, anti."

Masana amenewo anapita ku madrasa. Anachita wudhu. Anaima pamzere. Anadikira gudu-gudu.

Zii.

Anawerama. Zii. Anagunditsa chipumi pansi. Zii. Swala inatha. Yunus anali pamalo pake. Ngakhale Kalimu anadabwa.

"Kampopi, lero madzi asiya?"

Yunus anavala nsapato zake. Anali kuganiza. Lero ndasamba ngati dzulo. Mpopi ndi womwe uja. Ine ndine yemwe uja. Chasintha n'chiyani?

Madzulo a Rania anaphika nyemba zofiira. Yunus anadya. M'mawa kutacha, gudu-gudu-gudu!

Yunus anakhala tsonga pabedi. Anagwira pamimba.

"Ohoo!" anatero. "Kani ndi nyemba!"

Anakondwa pang'ono. Kenako mtima unagwanso. Nyemba zija anabweretsa ndi ababa. Anazinyamula ulendo wautali. Amaphika ndi achemwali, atatopa. Nanga angazinene bwanji?

Anaganiza zongosiya kudya.

Madzulo a Rania anaika mbale patebulo. Yunus anaikankhira kutali.

"Sindikumva njala."

"Idya, Yunus."

"Sindikufuna."

M'mimba munkalira njala. Koma Yunus anatseka pakamwa.

Mawa lake anakananso. A Rania anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anafiira.

"Ndimathamanga kuchokera kusukulu," anatero. "Ndimakoleza mbaula pamvula. Utsi umandilowa m'maso. Iwe n'kumakana? Ndikudziwa sindiphika ngati amayi. Koma nditani ine?"

Anakalowa kuchipinda. Yunus anawamva akulira. Naye analira. M'nyumba munali anthu awiri. Aliyense ankalira payekha.

Loweruka m'mawa Yunus anagogoda kwa a Angel.

"Odi, anti."

"Lowa, mwanawe. Iii, nkhope imeneyo bwanji?"

Yunus anaima pafupi nawo. Analankhula chapansipansi. Ananena za wudhu. Ananena za mpopi. Ananena za Lachisanu. Ananenanso za pwii.

Angel anali kuseri kwa chitseko. Anaphulika ndi phwete.

"Iwe Angel!" anatero mayi ake. "Ukuseka chiyani? Iwe suphwisa? Lamlungu lija m'tchalitchi anali ndani?"

Angel anatseka pakamwa msangamsanga.

Amake Angel anamugwira Yunus paphewa. "Aliyense amaphwisa, mwanawe. Abusa amaphwisa. A shehe amaphwisa. Si tchimo ayi. Kapemphe kwa achemwali ako. Lero upite nafe kumsika."

A Rania analola.

Anakwera minibasi ya ku Limbe. Mawindo anali ndi nthunzi. Mumsika munali matope. Amake Angel anavundukula mabeseni awo. Yunus anatong'ola maso.

Iye ankayesa nyemba ndi nyemba basi. Koma taonani! Zofiira. Zoyera. Zachikasu. Zamawangamawanga. Zazikulu. Zazing'ono.

"Uyu ndi nandolo," anatero amake Angel. "Uyu ndi khobwe. Ali ndi kadiso kakuda, waona? Izi zozungulira ndi nzama. Nzama zimakhutitsa, koma zimalemera m'mimba. Uyu wophwathalala ndi kabaifa."

"Nanga uyu?" Yunus analoza beseni lakumapeto.

"Ameneyo ndi kalongonda. Safuna masewera. Amawira tsiku lonse. Madzi ake umataya, umatayanso, umatayanso. Ukaphika mothamanga amadwalitsa. Ameneyo mwana sayamba yekha."

Yunus anabweza dzanja.

"Izi ndikuzidziwa," anatero. "Mphodza!"

"Eya. Mphodza ndi zazing'ono. Khungu lake n'lopyapyala. Sizichedwa kupsa. Anthu ambiri siziwavuta."

"Ndiye nyemba zofiira n'zoipa, anti?"

"Ayi! Usazinamizire. Nyemba zofiira n'zabwino. Zimapatsa mphamvu. Zimakulitsa ana. Kungoti sizifuna phuma."

"Zimafuna chiyani?"

"Zimafuna madzi. Uziviike madzulo. Zigone m'madzi. M'mawa utaye madziwo. Uthire ena atsopano. Ziwire kwambiri. Utenge imodzi, uifinye ndi zala. Ikaphwanyika, zapsa. Ikakana, zibwerere pamoto. Nyemba zosapsa zimapweteka m'mimba."

"Ndikatero sindiphwisanso?"

Amake Angel anaseka. "Uphwisa ndithu. Koma pang'ono. Ndipo mimba sizifanana. Ine nandolo sandivuta. Bambo ake a Angel akadya nandolo, timatsegula mawindo. Uyese wekha. Umve zimene mimba yako ikunena."

Anatapa nandolo pang'ono. Anatapa khobwe. Anatapa nzama. Anatapa mphodza. Anamanga m'timapepala.

Yunus analandira ndi manja awiri.

"Takhuta, anti," anatero.

"Aaa! Wayamba Chisena tsopano?"

Kunyumba anapeza a Rania akuchapa. Anaima patsogolo pawo.

"Achemwali, pepani. Sikuti mumaphika moipa."

A Rania sanadzutse mutu.

"Ndi mimba yanga," anatero Yunus. "Ndikadya nyemba ndimaphwisa. Ndikaphwisa wudhu umatha. Ku madrasa amanditi Kampopi. Lachisanu ababa akubwera. Ndikuopa."

A Rania anasiya kuchapa. Anapukuta manja pa chitenje.

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Ndimaopa kuti mukhumudwa. Ndimayesanso kuti Allah sakundifuna."

"Iii, Yunus!" A Rania anamukumbatira. Thovu la sopo linamupaka kukhutu. "Allah akukane chifukwa cha nyemba? Ayi, mchimwene wanga. Tamvera. Nanenso m'kalasi ndimavutika. Ndimakhosomola dala kuti anthu asamve."

Yunus anaseka. Kanali koyamba kuseka sabata imeneyo.

"Koma mpweyawo umachokera kuti?" anafunsa.

"Zimenezo tinaphunzira kusukulu," anatero a Rania. "Mu nyemba muli chakudya chabwino. Mulinso kanthu kena kovuta kugaya. Mimba imakalephera. Kamatsikira m'matumbo. M'matumbo muli tizilombo tabwino. Ndi tating'ono, sitioneka. Timadya kanthu kaja. Tikamadya timapanga mpweya. Mpweyawo umafuna potulukira."

"Ndiye pwii?"

"Ndiye pwii."

"Anti akuti tiziviika."

A Rania anadzimenya pachipumi. "Zoona! Amayi amaviika. Ine ndimaiwala. Ndimakumbukira njala itandipeza kale."

"Ndiziviika ndine," anatero Yunus.

Ntchito inayamba. Madzulo Yunus anasankha nandolo. Anachotsa timiyala. Anathira madzi m'beseni. M'mawa anapeza nandolo watupa. Pamwamba panali kathovu. Anataya madziwo. A Rania anaphika. Yunus anafinya mmodzi ndi zala. Fwa! Wapsa.

Anadya. Anadikira. Mimba inati gudu, kamodzi. Kenako pwii, kamodzi.

"Nandolo, pang'ono," anatero Yunus.

Tsiku lina anayesa khobwe. Mimba inangong'ung'udza. Sinachite zambiri.

Tsiku lina anayesa nzama. Zinali zokoma. Anadya zambiri. Mayo! Mimba inatupa ngati mpira. Ku madrasa, Yunus uyo ku mpopi.

"Kampopi wabwerera ku ntchito!" anakuwa Kalimu.

Yunus anafika kunyumba ali khuma. Lachisanu linali pafupi.

"Sizitheka, achemwali," anatero.

"Zitheka. Nzama wadya mbale ziwiri. Ukufuna mimba itani?"

Anayesanso nyemba za ababa. Anaziviika. Anataya madzi. Zinawira mpaka kufewa. Makala sanathe ambiri. A Rania anadabwa. Msuzi unali wokoma ngati wa amayi. Yunus anadya pang'ono. Anatafuna bwinobwino. Mimba inati gudu. Inatinso gudu. Sizinali ngati kale. Koma Yunus sanakhutire.

"Lachisanu sindifuna ngakhale gudu mmodzi," anatero.

Lachinayi amake Angel anabwera kudzawaona. Anawaphunzitsa kuphika chipere. Anaviika mphodza. Anazitikita ndi manja m'madzi. Khungu linayandama. Analitaya. Zotsalazo anaphika mpaka zinasungunuka. Zinali ngati phala. Yunus anadya ndi mpunga. M'mimba munali zii.

Lachisanu linafika. Kunja kunali nkhungu. Yunus anavala mkanjo. Anavala kofia. Anaima pageti.

Ababa sanaoneke.

Anthu ankadutsa kupita ku mzikiti. Ababa sanaoneke.

Kuitana kwa swala kunamveka. Ababa sanaoneke. Yunus anasuzumiranso kumsewu. Kodi zonse zija zapita pachabe?

Kenako anaona munthu akuthamanga. Chikwama chili paphewa. Nsapato zili matope okhaokha.

"Ababa!"

"Yunus! Pa boda panali mzere wautali. Tiye, tachedwa!"

A Rania anatuluka ndi mbale. "Ababa, idyani kaye chipere."

"Ndadya kale m'njira, mwana wanga. Tiye, Yunus."

Anafika a shehe akumaliza ulaliki. Anachita wudhu limodzi. Madzi anali ozizira. Yunus sanawamve n'komwe. Anapeza malo pamzere wakumbuyo. Yunus anaima pambali pa ababa.

"Allahu Akbar."

Swala inayamba. Yunus anamvetsera mimba yake. Zii.

Anthu anawerama. Yunus anawerama. Zii. Mtima unayamba kukhala pansi.

Gudu-gudu-gudu!

Yunus anazizidwa thupi lonse. Ayi! Ayi, chonde!

Gudu-gudu-gudu!

Koma tadikirani. M'mimba mwake simunagwedezeke. Phokoso linkachokera kumbali. Linkachokera chapamwamba pang'ono.

Pwii!

Ababa anaima kanthawi. Anagwira mphuno ndi dzanja. Anaweramitsa mutu. Anachoka pamzere mwakachetechete.

Abale inu! Pambali pa Yunus panatsala malo. Mphepo yozizira inadutsapo. Yunus anafuna kuwatsatira. Koma wudhu wake unalipo. Swala yake inali pakati. Anapitiriza. Anagunditsa chipumi pansi. Misozi inagwera pa kapeti.

Anamaliza swala yonse. Koma anamaliza yekha.

Anthu anapatsana moni. Anavala nsapato. Anatuluka. Yunus sanasunthe. Mu mzikiti munatsala zii.

Kenako anamva mapazi onyowa. Anali ababa. Madzi ankadontha ku ndevu. Anakhala pansi pafupi ndi Yunus. Ankaoneka amanyazi.

"Pa mpopi panali anthu," anatero. "Ndachedwa. Pepa, mwana wanga. Ndinakulonjeza."

Yunus anawayang'ana. Ababa akuluakulu. Ababa oyendetsa thiraki. Nawonso ku mpopi!

"Munadya chiyani m'njira, ababa?"

"Nyemba. Zinali zolimba ngati miyala."

"Zofiira?"

"Zofiira."

"Sanaziviike," anatero Yunus. Anapukusa mutu ngati munthu wamkulu. "Tikafika kunyumba ndikakuphunzitsani. Ku Tanzania muzikadya mphodza."

Ababa anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awo ankagwedezeka. Mu mzikiti saseka mokweza.

Kenako anaimirira. "Ya Lachisanu yandipita," anatero. "Ndiyenera kuswali ya masana. Undidikire panja. Ndiswali ndekha."

Yunus naye anaimirira.

"Simuswali nokha, ababa. Wudhu wanga ulipo."

"Ukadalipo?"

"Ukadalipo."

Ababa anamuyang'ana. Maso awo ananyezimira. Anamukokera kudzanja lawo lamanja. Anamuimika pafupi kwambiri.

Panalibe mizere. Panalibe khamu. Panali anthu awiri basi.

"Allahu Akbar," anatero ababa.

"Allahu Akbar," anatero Yunus.

Ababa anawerama. Yunus anawerama. Ababa anagunditsa chipumi pansi. Yunus anagunditsa chipumi pansi. Ababa anadzuka. Yunus anadzuka. Sanathamange. Foni sinalire. Padenga kamvula kankawaza.

Anakhala pansi komaliza.

"Assalamu alaikum wa rahmatullah," anatero ababa.

Yunus anatembenukira kumanja. Anapereka salamu. Anatembenukira kumanzere.

Ababa anali pomwepo.